Tsiku Limene Ndinathandiza Timu Yanga Kuluza

Pali bwalo lina ku Syokimau limene ndikamadutsa pafupi ndimayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo. Sikuti anandiletsa kupondako ayi. Anangondipempha mwaulemu, m'zinenero zitatu, kuti ndiyambe ndapuma kaye. Ndikuuzani momwe zinayendera, koma musanandiweruze dziwani ichi: timu ija panalibe amene ankaikonda kuposa ine, ndipo mpaka lero palibe.

Ndinabwera ku Nairobi kudzagwira ntchito ku bungwe lina la mpingo lomwe ofesi yake ili ku Parklands. Nyumba tinapeza ku Syokimau, komwe ndege zimadutsa chapansipansi moti ukamadalitsa chakudya umayamba wadikira kuti idutse usananene ameni. Patapita zaka ziwiri mlongo wanga wa ku Dedza anatumiza mwana wake Limbani kudzaphunzira ku yunivesite konkuno. Pa foni anandiuza kuti, "Achimwene, mwanayo ndi wanu. Mumuyang'anire." Ndinavomera ndi mtima wonse. (Mlongo wangayo sananene kuti ndizimuyang'anira nditaima patali bwanji, ndiye mlanduwu tigawane.)

Lamlungu lina Limbani anabwera kudzadya nafe, n'kutiuza kuti walowa timu ya besibolo. Timuyo inkatchedwa Mwewe, ndiye kuti mphamba m'chinenero chathu.

"Besibolo?" ndinafunsa. "Mpira wamiyendo wakulakwira chiyani?"

"Mubwere Loweruka, amalume, mudzaone nokha."

Ndinapitadi, akazi anga ali pambali. Cholinga changa chinali kukaona ngati mnyamatayo sakutinamiza, chifukwa ana akafika m'tauni masewero awo amachuluka. Tinapeza bwalo lafumbi, lozingidwa ndi chingwe chabuluu, ochemerera ataima kunja kwa chingwecho. Masewero ake ndi otere: wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi otchedwa mabesi. Akabwerera pomwe anayambira asanamukhudze ndi mpira, chimenecho ndiye chigoli. Akamukhudza, kapena akawakha mpira wake m'mwamba, kapena akauphonya katatu, wafa. Atatu akafa, matimu amasinthana.

Akazi anga anayang'ana kanthawi kochepa n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, si fulaye uyu? Angowonjezera chibonga ndi zipewa."

Ndinawauza kuti asachepetse masewero a anthu. Ineyo pa nthawiyo sindinkamva chilichonse, koma ndinali nditapinda manja pachifuwa ngati munthu amene waona zambiri.

Posakhalitsa Limbani, yemwe anali pa besi yoyamba, anangotuluka liwiro woponya asanaponye n'komwe, n'kukadzigwetsa chafufumimba pa besi yachiwiri. Bambo wina wonenepa pambali panga anakuwa kuti, "Mwizi! Huyo kijana ni mwizi!" Chiswahili changa ndi cha pamsika, koma mawu oti mwizi ndimawadziwa, chifukwa ku Nairobi ukawamva umagwira thumba. Ndinamutembenukira bamboyo n'kumugwira malaya.

"Mwana wa mlongo wanga sanabepo ngakhale singano! Bwezani mawu amenewo!"

Anatilanditsa mphunzitsi wa timuyo, a Wambua, munthu wamtali wosapupuluma polankhula. Anandifotokozera kuti m'masewerowa kuba besi ndi luso, ndipo Limbani ndi mbala yabwino kuposa onse mu ligi. Ndinamuwongolera malaya bambo uja n'kumuuza kuti ndimangofuna kuona ngati akudziwa zimene akunena. Tsiku limenelo Mwewe inapambana, ndipo ndinabwerera kunyumba mawu atasasa.

Kuyambira pamenepo ndinagwa m'chikondi. Loweruka lililonse ndinali komwe kuli timu, kaya ndi kuseri kwa mzinda kofunika kukwera maminibasi atatu, kaya kukugwa mvula. Ndinasoketsa malaya amtundu wa timu. Ndinapeza lipenga lapulasitiki limene aneba anga a ku Syokimau akulikumbukabe. Osewera anayamba kunditchula kuti Mzee Malawi, ndiye kuti mdala wa ku Malawi, ndipo dzinalo ndinalilandira ngati udindo. Tikapambana, Lolemba ku ofesi ndinkafika ndikuimba mluzu. Tikaluza, anzanga ankadziwa kuti nkhani zofuna siginecha yanga zidikire Lachiwiri.

Maphunziro anga ndinkachitira m'sitima ya m'mawa yopita m'tauni, kuonera tizidutswa ta masewero a ku Amereka pa foni. Kumeneko ndiko ndinaona chinthu chimene chinandilowa m'mutu: womenya akautumiza mpira kunja kwa bwalo, wochemerera amene wauwakha amautukula m'mwamba, anthu n'kumuwombera m'manja, mpirawo n'kukhala wake. Ndinati chimenechi ndiye changa. Ndinapita ku kaunjika wa ku Gikomba n'kufukula golovesi yachikopa yowakhira mpira. (Inali ya munthu wamanzere. Ndinazindikira nditafika kunyumba, koma ndinauza aliyense kuti akatswiri amavala choncho.) Kuyambira tsiku limenelo ndinasamuka pomwe pamaima anthu wamba, n'kumakaima kumapeto kwenikweni kwa bwalo, komwe mipira yakutali imagwera.

Limbani anandichenjezapo. "Amalume, chemererani mmene mungathere, koma chingwe chija musadzachiwoloke."

"Iwe, ndinayamba kuonera mpira amayi ako asanakwatiwe."

Akazi anganso anayesa. Iwo anali atabwereka kabuku ka malamulo kwa a Wambua, n'kumawerenga mwakachetechete. "Bambo a Tadala, kabukuka mwakatsegulako?"

"Malamulo amawerenga amene masewero sali m'magazi mwawo," ndinayankha. Anangoti, "Chabwino," n'kutembenuza tsamba.

Mwewe inachita bwino chaka chimenecho mpaka kufika mu ndime yomaliza, yolimbirana chikho ndi timu yotchedwa Nyati. Masewerowo anali pa bwalo lathu lomwe la ku Syokimau. Limbani anandinong'oneza kuti kudzabweranso anthu osankha osewera oti akapikisane kunja kwa dziko, ndipo a Wambua anali atatchula dzina lake. Sabata yonseyo mnyamatayo sankadya bwino.

Ine ndiye ndinaona kuti nkhani yotereyi siyofunika kubisa. Amalawi okhala ku Nairobi timakumana Lamlungu masana ku Parklands kupemphera m'chinenero chathu. Nthawi ya zolengeza ndinaimirira n'kuitana mpingo wonse, n'kulonjeza kuti amene sadziwa masewerowa asade nkhawa, ndidzamasulira ndine. Anabwera ambiri, kuphatikizapo abusa a Chimbalanga ndi amayi busa, amayi a chigwirizano atanyamula mandasi m'chidebe. Onsewo ndinawatengera kumapeto kwa bwalo kuja. "Kuno ndiye kumaima odziwa," ndinawauza.

Masewero anali othina. Ndinkafotokoza chilichonse mokweza, ndipo pomwe sindinkadziwa ndinkakweza kwambiri. Abusa anafunsa chifukwa chimene wowakha mipira kumbuyo kwa womenya amavalira chigoba kumaso, ndinawauza kuti ndi mwambo wakalekale. Akazi anga anatsokomola.

Tinafika chigawo chomaliza Nyati ikutsogola ndi chigoli chimodzi. Kumenya kunali kwathu. Awiri anali atafa kale, kutanthauza kuti wina akangofa, chikho chapita. Mnzake wa Limbani, dzina lake Mutua, anali pa besi yoyamba. Ndipo amene anatenga chibonga anali Limbani mwini wake.

Mpira woyamba anauphonya. Wachiwiri anausiya. Wachitatu unangomveka kuti phwaa! Unakwera, n'kudutsa pamwamba pa osewera onse a Nyati, kulunjika kumene tinaima ife. Amayi a chigwirizano anayamba nthungululu. Mutua anali atadutsa kale besi yachiwiri, Limbani ali pambuyo pake ngati mphepo. Mpira uja unagwa, n'kudumpha kamodzi, kawiri, n'kuyamba kugubuduka kubwera kwa ine. Mnyamata wa Nyati ankauthamangira, koma anali kutali, kutali zedi.

Tsono apa mvetsetsani. Mpirawo unali usanatuluke m'bwalo. Unatsala mwina mapazi atatu kuti ufike pa chingwe, ndipo unkaoneka kuti watopa, uima. Ine m'mutu mwanga munali anthu a pa foni aja. Ndinamva akazi anga akukuwa kuti, "Bambo a Tadala, ayi!" koma ndinaganiza kuti akuopa kuti ndithyoka mwendo. Ndinalumpha chingwe chija ngati mnyamata, n'kuutola mpira ndi golovesi yanga yamanzere, n'kuutukula m'mwamba. Ndinatembenukira mpingo n'kuvina pang'ono.

Amayi a chigwirizano okha ndi amene anawomba m'manja, chifukwa ankakhulupirira ine. Bwalo lonse linangoti zii.

Woyimbira masewero anali mayi wina wamfupi, woonda, wa nkhope ya mphunzitsi wa masamu. Anatukula manja onse awiri kuimitsa masewero. Mutua, yemwe anali atatsala pang'ono kugoletsa, anamubweza ku besi yachitatu. Limbani anamubweza ku yachiwiri. Chigoli panalibe. Kenako mayiyo anayenda ulendo wonse kuchokera komwe anali mpaka kumene ndinaima, osathamanga, anthu onse akumuyang'ana.

"Mzee, mpira."

Munthu wanzeru akanapereka. Ine ndinaubisa kumbuyo.

"Mayi, ndi ulemu wonse, mpira uwu ndi wanga. Ku Amereka amatero."

"Kuno ndi ku Syokimau. Mpira unali m'bwalo. Mwaukhudza, masewero aima."

"Koma unkatuluka! Ndangouchingamira!"

Ndinapitiriza kumufotokozera malamulo, m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, ndipo pomwe zinenero ziwirizo zinandithera ndinathira Chichewa. Abusa a Chimbalanga anandigwira paphewa n'kunong'ona kuti, "Akulu ampingo, perekani mpirawo." Ndinapereka. Mayi uja analoza kuchipata ndi chala chimodzi. "Toka." Liwu limenelo silifuna womasulira.

Ndinatuluka mutu uli m'mwamba, lipenga kukhwapa. Kunja kwa mpanda ndinakaima pafupi ndi bambo wina wowotcha chimanga, yemwe anandiyang'ana n'kuti, "Pole, mzee," kundipepesa ngakhale sankadziwa chimene chachitika. Mtima sunandigunde kwenikweni. Ndinawerengera kuti anyamata athu awiri ali pa mabesi, womenya wotsatira akangoukhudza mpira, tapambana, ndipo zanga zija ziiwalika.

Patangopita kanthawi kunabuka chiphokoso m'bwalo. Kukuwa, malikhweru, ng'oma. Ndinati basi, Mulungu sataya wake. Ndinabwerera pachipata ndikuliza lipenga, n'kulowa ndikuvina, mpaka pakati pa chigulu chimene chinkadumphadumpha. Ndinakumbatira munthu woyamba amene ndinakumana naye. Nditamusiya ndi pamene ndinaona mtundu wa malaya ake.

Anali a Nyati. Womenya wathu anali ataphonya katatu.

Choipa kwambiri n'chakuti anandizindikira. "Ndi yemweyu! Ndi mzee wathu uja!" Anandinyamula m'mwamba anyamata anayi, kundizungulitsa bwalo akuimba. Ndili m'mwambamo ndinaona mpingo wanga wonse utaima pa chingwe, amayi busa atagwira pakamwa. Ndinaonanso Limbani atakhala pansi pa besi yachiwiri, chipewa chili kumaso. Apo ndiye kuseka kunandithera. Ndinawauza anyamatawo kuti anditsitse, ndipo mawu anga ayenera kuti anasintha, chifukwa ananditsitsa nthawi yomweyo.

Kunyumba tinayenda wapansi. Titafika pageti akazi anga anangoti, "Kabuku kaja, tsamba lachisanu ndi chiwiri," n'kulowa.

Limbani sanabwere Lamlungu lotsatira, ngakhale linzake. Foni yanga sankayankha. Mlongo wanga ndiye anaimba, nkhani itamufika kudzera kwa amayi a chigwirizano. "Achimwene, ndinati mumuyang'anire, osati mumusewerere." Masabata awiri amenewo ndinkangoganiza kuti ndamutsekera mwana wa eni mwayi wake.

Lamlungu lachitatu anagogoda. Anakhala pampando, ine ndinakhala moyang'anana naye, ndipo ndinapepesa bwinobwino, popanda kutchula Amereka. Anandisiya ndimalize.

"Chikho ndiye chinapita, amalume. Anzanga sakufuna kumva dzina lanu."

"Ndikumvetsa."

"Koma osankha aja anditenga. Akuti kumenya kuja anakuona, zinazo sizinali zanga."

Ndinapuma mpweya umene ndinausunga masabata awiri. Akazi anga anathamangira kukhitchini akuimba nyimbo yakwaya.

"A Wambua akuti chaka chamawa mukhale kaye kunyumba, ndizikuuzani zotsatira pa foni," anapitiriza Limbani. Kenako pakamwa pake panayamba kunjenjemera, akulimbana ndi phwete. "Akutinso pa msinkhu wanuwo sanaonepo munthu wolumpha chingwe mwa mtundu umene uja."

Ndikudziwa kuti phunziro la nkhaniyi ndi lakuti munthu azidziwa malire ake, ndipo akauzidwa azimva. Ndalilandira, ndipo abusa analilalikirapo kale kawiri osanditchula dzina. Koma mawu omaliza a mphunzitsiwo ndawasinkhasinkha mofatsa, ndipo mmene ndikuwamvera ine, munthuyo waona luso.