Ovolosi Yasiliva ndi Mpeni wa Apongozi

Pali zinthu zimene mkamwini sachita pamaso pa apongozi ake aakazi. Sadya nawo mbale imodzi, sawayang'ana m'maso, akakumana nawo panjila amapatukila kutchile ngati waona njoka. Ine malamulo onsewa ndinali kuwasunga bwino lomwe mpaka tsiku la dansi la ku Nyimba. Mkazi wanga amati nkhaniyi ndiisiye, koma popeza pa Kacholola palibe amene saidziwa, ndipo ena amawonjezela zawo, kuli bwino muimve kwa mwiniwake.

Nthawi imeneyo zipani zinali zitangochuluka, katundu wakunja akulowa mwaufulu, ndipo msewu waukulu unadzaza malole. Ine ndinali kumeta anthu pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi poima malolewo. Dalaivala wina nditamumeta anandisiyila kaseti.

"Iyi ni tekino," anatelo. "Ku Lusaka ndiyo imene akuvina manje."

Nditaiika mu wailesi ndinayesa kuti yawonongeka. Munalibe woimba, munalibe gitala. Munali ng'oma imodzi yogunda du, du, du osapuma, ndi tiphokoso tina ngati ta lole yobwelela m'mbuyo. Koma chapakati pa nyimbo ng'oma ija inangoti zii. Kaphokoso kena kanayamba kukwela, kukwela, mtima wanga n'kumakwela nako, ndipo pamene ndinati basi ndibanika, ng'oma inabwelela ndi mphamvu zonse. Tsitsi linandiima (ine wometa). Kuyambila tsiku limenelo ndinagwidwa. Makasitomala anga, anthu a kalindula ndi kwasakwasa, ankati ndawabweletsela chigayo pometela. Mdala wina anachoka mutu uli wometa mbali imodzi. Ine sindinazimitse wailesi.

Ndiye ganizani mmene ndinamvela nditaona zithunzi zitamatidwa pa masitolo: kampani ina ya zakumwa zozizilitsa kukhosi inali kubweletsa chisangalalo cha tekino pa bwalo la mpila ku Nyimba, pa Chiwelu, kuyambila masana mpaka kulowa kwa dzuwa. Woseweletsa nyimbo anali Dijei Chivomezi wa ku Lusaka. Pa chithunzipo anali atavala chovala chasiliva, chonyezimila kuyambila m'khosi mpaka kumapazi. Ndinaona kuti munthu wodziwa tekino ngati ine sangapite kumeneko ndi malaya a ku tchalitchi.

Chovala chotelo ndinachipeza pa salaula ya amai Tembo, ogulitsa zovala zakale zochokela kunja. Chinali ngati ovolosi ya amakanika, koma yasiliva, yokhuthala ngati bulangeti, ya zipi imodzi kutsogolo ndi mphila zothina m'manja ndi m'miyendo.

"Bambo, iyi ni ya kumayiko kumene madzi amauma ndi kuzizila," anatelo amai Tembo. "Ngakhale alonda anaikana mu Juni."

"Alonda sadziwa tekino, amai," ndinayankha.

Mkazi wanga Lusiya anali ndi pakati, masiku atayandikila, ndiye sakanapita. Ataiona ovolosi anaigwila, n'kuifinya, n'kundiyang'ana.

"Imwe, mu Okutobala? Ku Nyimba, kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa?"

"Ndikavina mphepo izindipita."

"Ilowela pati?" anafunsa. Kenako anawonjezela: "Amai akakhala komweko. Akukagulitsa nthochi ndi nzimbe."

Apongozi anga, amai Zuze, anabwela kuchokela ku Mozambiki pa nthawi ya nkhondo, wapansi, ana ali kumsana ndi kumanja. Anzawo atabwelela kwawo iwo anatsala, n'kulima nthochi mpaka kulela ana onse okha. Anali munthu wa mawu ochepa, wa chigwilizano cha amai ku tchalitchi, ndipo ine ndinali ndisanawaonepo akuseka. Ndinali kuwaopa kuposa apolisi. Koma ndinadzilimbitsa mtima kuti bwalo ndi lalikulu, anthu adzachuluka, ine ndidzangopewa mbali ya nthochi. (Sindinaganize kuti munthu wonyezimila ngati denga lamalata satha kubisala.)

Tsikulo, poopa kutentha, mkati ndinangovala kabudula wamkati yekha. Pa lole ndinasiya zipi yotsegula, ndipo zinali bwinobwino. Titafika ku Nyimba ndinaikoka mpaka m'khosi kuti ndifanane ndi chithunzi chija. Kachitsulo kokokela kanathyoka, n'kutsala m'zala zanga. Ndinakayang'ana, ndinati tidzaona madzulo, n'kukataya.

Za bwalo lija sindinama, zinali zokoma. Masipika anawasanja ngati matumba a chimanga pa depoti, mbali zonse za ngolo ya lole imene inali nsanja. Kunali anyamata ndi atsikana a ku Petauke, a ku Minga, ngakhale ena a ku Sandwe amene anabwela pa njinga, fumbi lili m'nsidze. Nyimbo zimene ndinazolowela kumva mu kawailesi ka mabatile tsopano zinali kugunda m'nthiti. Ng'oma itati zii, bwalo lonse linakweza manja kudikila, ndipo itabwelela tonse tinalumpha pamodzi ngati munthu mmodzi. Misozi inalengeza. Ndinazindikila kuti si ine ndekha wamisala m'chigawo chonse cha kum'mawa.

Kenako thukuta linayamba. Linatsika kumsana, linatsika m'miyendo, ndipo popeza mphila za kumapazi zinali zothina, linalibe kotulukila. Ndikaponda ndinali kumva tchuwa, tchuwa m'akakolo. Atsikana a kampani anali kugawa zakumwa zaulele kwa aliyense wovina kwambili, ndipo ine, wovina kwambili ndiponso wophikidwa, ndinalandila botolo lililonse limene linandiyandikila. Sindikudziwa kuti ndinamwa angati. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzuwa litapendeka pang'ono, thupi linanditumizila uthenga kuti yakwana nthawi yokataya madzi.

Ndinapita kuseli kwa mpanda wa udzu umene anamanga ngati chimbudzi cha amuna. Apo m'pamene ndinakumbukila kachitsulo kaja. Ndinayesa ndi zikhadabo, zipi osasuntha. Ndinayesa ndi kawaya kamene ndinatola pansi, kanapindika. Ndinafufuza pena potsegula chakumunsi, ngati pa thalauzi la munthu aliyense, koma amene anasoka chovalacho zikuoneka kuti kwawo sataya madzi. Bambo wina amene anali pambali panga, atamaliza zake mwamtendele, anandimvela chisoni.

"Imani njii, ndikoke," anatelo.

Anakoka ndithu, koma zipi inakwela m'malo motsika, n'kundiluma khungu la pakhosi. Tinayesa kung'amba nsalu aliyense mbali yake. Sinachite ngakhale kulila.

"Apa pafunika mpeni," anatelo bamboyo, akupukuta manja. "Pitani kwa amai a nzimbe uko."

Ine wometa, wokhala ndi malezala ndi sizasi tsiku lililonse, ndinalibe ngakhale singano. Ndipo kwa amai a nzimbe n'kumene sindikanapita. Maganizo ena oipa anandibwelela, akuti ingomasuka momwemo, ndani adziwe? Koma ndinakumbukila mphila za kumapazi zija. Ndikanasanduka thumba la madzi loyenda, ndiponso panali ulendo wa pa lole. Ndinaganiza zodutsa m'khamu la anthu, ndituluke pachipata, ndikapemphe mpeni kumsika kwa munthu wosandidziwa.

Kuyenda kwake kunali kovuta. Mawondo ndinawaphatikiza, msana ndinaupinda, ndikuponda ndi zala za kumapazi timasitepe tating'ono. Ndili pakati pa bwalo, nyimbo inatsika, ndipo mawu anatuluka m'masipika onse.

"Mudala wa siliva uyo! M'bweletseni kuno, ameneyo ndiye wamvetsa nkhani."

Ndinayesa kukana ndi manja, anthu anayesa ndikuwapatsa moni. Anandinyamula m'mwamba, kundipatsilana pamitu, ndipo dzanja lililonse, kaya chifukwa chiyani, linali kufikila pamimba penipeni. Ananditsitsa pa nsanja, pakati pa masipika, pafupi ndi Dijei Chivomezi mwiniwake. Munthu amene ndinalota kum'gwila chanza anali pamaso panga, atavala kamalaya kopyapyala ndi kabudula. Chasiliva chija chinali cha pa chithunzi chabe.

Ndinam'yandikila kukhutu. "Bwana, ndili pa vuto. Ndifuna kukataya madzi."

Iye anali ndi zomvela m'makutu. Anagwedeza mutu ngati wamva, n'kutenga chokuzila mawu. "Akuti afuna madzi. M'patseni chozizila."

Anandipatsa botolo lina. Anthu anawomba m'manja mpaka ndinamwako.

Ndiye ng'oma inayamba. Pa nsanja paja matabwa anali kunjenjemela, ndipo du aliyense anali kulowela kumapazi n'kukagunda pamalo amodzi okha. Sindinavine, anthuni. Ndinali kulimbana. Ndinapingasa miyendo, ndinanjuta, ndinadzuka, ndinazungulila ndi mwendo umodzi manja ali pakati pa mawondo, mano ndili nditaluma. Nditatsegula maso ndinaona bwalo lonse likuchita zomwezo: anyamata a ku Sandwe atapingasa miyendo, atsikana a ku Minga atapinda misana, onse nkhope zili zowawa ngati yanga. Anayesa ndiwo mavinidwe a ku Lusaka.

Pamenepo ng'oma inati zii, kaphokoso kaja n'kuyamba kukwela. Malo amene ndinali kuwakonda kuposa onse m'nyimbo anasanduka chiweluzo. Ndinapemphela kuti jenileta ithe mafuta. Ndinapemphela kuti Chivomezi aiwale kubweza ng'oma. Ndipo m'kachetechete kameneko, pamwamba pa manja onse okwezedwa, ndinaona kumapeto kwa bwalo, pansi pa mtengo, mai wina ataimilila pakati pa mikoko ya nthochi, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa. Anali kuyang'ana ine.

Ng'oma inabwelela. Zimene zinatsatila ndinachita kuuzidwa. Akuti ndinalumpha kamodzi, n'kukhala pansi pang'onopang'ono, n'kugona chammbali, ndipo anthu ena kutsogolo anagonanso potsanzila asanazindikile kuti ndakomoka.

Ndinatsitsimuka ndili pamthunzi, wina akundithila madzi kumutu kuchokela m'ndowa. (Phokoso la madzi othilidwa, kwa munthu wa vuto langa, sindilifunila ngakhale mdani.) Nditayang'ana pambali ndinaona nthochi. Mthunzi wapafupi unali womwewo umene ndinaupewa tsiku lonse.

Amai Zuze sanandiyang'ane. Analankhula ndi mnzawo wogulitsa naye, ngati ine palibe.

"Amai Phili, afunseni amuna ake a Lusiya ngati chovalachi chimavulika."

"Sichivulika, amai," ndinayankha ndikuyang'ana pansi. "Ndiponso ndapanikizika."



"Afunseni ngati avala kanthu mkati."

"Pang'ono, amai."

"Auzeni aimilile, ayang'ane kumtengo."

Ndinaimilila, ndinakumbatila mtengo. Ndinamva mpeni wa nzimbe ukulowa pa kolala kumbuyo kwa khosi, wozizila, ndipo unatsika ndi msana wonse mosaphonya, ngati akusenda chinangwa. Anadulanso mphila za kumapazi. Madzi amene anakhuthuka m'miyendo ananyowetsa dothi, ndipo amai ena anabwelela m'mbuyo atagwila pakamwa. Linali thukuta. Ndibwelezenso, chifukwa pa Kacholola pali anthu amabodza: linali thukuta.

Chitenje chinandigwela paphewa kuchokela kumbuyo. Apongozi anali atatembenukila kale ku nthochi zawo, akuzisanja zosanjidwa kale. Ndinadzikulunga, ndinatuluka m'chikopa chasiliva chija, n'kuthamangila kutchile kuseli kwa bwalo. Za kumeneko sindifotokoza. Ndingoti nyimbo ya tekino ndi yaitali, koma inatha, ina n'kuyamba, ine ndikadali pomwepo.

Ndili m'tchilemo ndinamva m'masipika akulengeza kuti mudala wa siliva wapambana mpikisano wovina, abwele adzatenge mphatso. Sindinapite. Mphatsoyo akuti inali bokosi la zakumwa.

Pokwela lole yobwelela m'pamene ndinazindikila kuti chitenjecho chinali cha chipani, cha pa kampeni, ndipo nkhope ya munthu wofuna mpando inali ndendende pa matako anga. M'lolemo munadzaza anthu a chipani china. Njila yonse mpaka ku Kacholola anali kukangana ngati ndikumulemekeza munthuyo kapena ndikumunyoza pomukhalila. Ine ndinangogwila mfundo ya chitenje kuti mphepo isandivule.

Lusiya anali pakhonde. Anandiyang'ana pachifuwa popanda malaya, anayang'ana chitenje, n'kuchizindikila.

"Ichi n'cha amai," anatelo.

"Inde."

Anaseka mpaka anagwila mimba, ndipo ine ndinayamba kuopa kuti mwana abadwila pakhonde pomwepo.

Amai Zuze sanaitchulepo nkhaniyi. Chitenje tinachichapa, Lusiya anakabweza, ndipo ndikakumana nawo panjila ndinali kupatukila kutali kuposa kale. Ana a sukulu okha ndiwo anapitiliza kuvina mopingasa miyendo akandiona, ndipo gule ameneyo anafika mpaka pa maukwati.

Chaka chotsatila zithunzi zinamatidwanso pa masitolo. Chivomezi anali kubwelanso. Ine ndinadziuza kuti tsopano ndine bambo wa mwana, zachibwana ndinasiya. Madzulo ena Lusiya anabwela kuchokela kwa amai ake, mwana ali kumsana, nkhope ili yoongoka bwino.

"Amai akufunsa ngati mukupita ku Nyimba pa Chiwelu," anatelo. "Akuti adziwiletu, anole mpeni."

Ndinamuuza kuti akawauze kuti munthu amaphunzila, sindidzapondakonso.

Pa Chiwelu ndinavala malaya a mabatani, ndinakana botolo lililonse, ndipo ng'oma itati zii ndinakweza manja pamodzi ndi anzanga. Kungoti ulendo uno ndinavinila chakumapeto kwa bwalo, pafupi ndi nthochi.