Mbuzi Yanga ndi Nkhani za Kunja

Lolemba
Mbuzi yanga ikadali ku Mozambiki. Inaoloka malire kukadya nyemba za eni, mwini munda waimangirira. Wailesi ikuti malamulo atsopano aika mphamvu m'manja mwa anthu, ngakhale pa ubale ndi maiko ena. Nanga ine si munthu? Ndikuitanitsa msonkhano Lachisanu, mutu wake "Ubale wathu ndi akunja". Zomwe tigwirizane zipite kwa phungu, boma likambirane ndi boma linzake, mbuzi ibwere. Matipate ndi amenewa!

Lachiwiri
Ndalengeza pachigayo cha pa Nsambe. A Zakeyu, aneba anga, akufunsa: "Kodi akunjawo abweretsa chimanga chachikasu chija?" Mimba basi, anthu awa.

Lachitatu
Mkulu wa mpingo wandipeza kudimba. "Inu wobatizidwa, mwayamba ubale ndi akunja eti?" Kwa iwo akunja ndi a mowa ndi ng'oma. Ndafotokoza mpaka kukhosi gwa. Akuti ndikafotokozere bwalo la mpingo.

Lachinayi
Mayi a kunyumba amva pamjigo kuti amuna awo ali ndi za kunja. "Wakunjayo ndani?" Ndikuti ali ku Mozambiki, ndi wakuda, wonenepa bwino. Mbale yandiphonya pang'ono. Ndikuti ndikunena mbuzi. Akuti, "Mbuzi ndinu."

Lachisanu
Obwera kumsonkhano:
a Zakeyu, ndi thumba lopanda kanthu;
mkulu wina wogontha, akuyesa kuti za kunja ndi za mvula;
amayi a pamjigo, kudzaona wakunja uja.
Ndalankhula za ufulu, thukuta kamukamu. Amayi aja akuti mjigo ukuvutavuta. Tavota. Onse akweza manja kuti mjigo ukonzedwe. Za mbuzi, dzanja langa lokha. Ndapsa mtima, koma ndi demokalase, nditani?

Loweruka
Wapansi mpaka ku Neno, mapiri onsewa! Phungu kulibe. Mlonda wa paofesi akuti, "Za kunja n'za ku Lilongwe, bambo. Mbuziyo ili ndi pasipoti?" Akusekanso. Ndafika kunyumba miyendo itatupa, chitseko chokhoma, mphasa yanga pakhonde.

Lamulungu
Mbuzi yabwera yokha m'mawa, chingwe chotafunatafuna chili m'khosi. Sinafunse phungu, sinafunse boma, sinafunse ine. Kutchalitchi dzina langa latchulidwa, anthu cheucheu. Mayi akondwera ndi mbuzi, ayipatsa madeya, ayilowetsa m'khola. Ine mphasa ikadali pakhonde.

Za kunja ndazidziwa tsopano. Kumazizira.