Chikwama Ndinachipereka Ndekha

Mpaka lero anthu a pamsika wa Lundazi akandiona amayamba kukhosomola dala. Mkazi wanga akuti nkhaniyi ndizingoisunga mumtima, koma poti ena akuikometsera, bola muimve kwa mwini wake.

Ine ndine wometa, ndipo kashopu kanga kali kuseri kwa ogulitsa salaula, zovala zakaunjika zija. Pambali pa kumeta ndinkagulitsanso ndudu, komanso tifodya tamagetsi tija totulutsa utsi wonunkhira ngati maswiti, timene mlamu wanga ankanditumizira kuchokera ku Lusaka. Zonsezi ndinkazisunga m'kachikwama kakuda pansi pa galasi.

Ndiye kunamveka mphekesera yoti a zaumoyo ayamba kuyenda osavala yunifolomu, kusaka osuta pagulu ndi ogulitsa fodya kwa ana asukulu. Akakupeza, shopu amatseka. Kuyambira pamenepo aliyense wa nsapato zopolisha ndinkamuyang'ana kawiri.

Loweruka lina m'mawa ndinali kumeta mdala wina amene anabwera ndi mwana wake, mayi wovala chitenje ndi patapata. Mayiyo anakhala pabenchi n'kumatafuna chinangwa. Pakona panali a Mtonga, kasitomala wanga wakale, akusuta ndudu podikira.

Nditakweza maso, ndinaona bambo wa jekete ataima panja, kabuku ndi cholembera m'manja. Akasuzumira m'shopu, n'kulemba. Akasuzumiranso, n'kulembanso. Munthu wabwinobwino angalembe chiyani pakhomo la wometa?

Ndinatsomphola ndudu pakamwa pa a Mtonga n'kuiponya m'thumba la malaya anga (inde, yoyaka, nzeru zinali zitapita kutchuthi). Kenaka ndinakoka kachikwama kaja n'kuwanong'oneza mayi aja.

"Amai, nisungileniko aka. Mubise pansi pa chitenge."

"Muli vichani umu?"

"Fodya chabe, na tuja tufodya twa malaiti. Uja ali panja ni wa zaumoyo, namuziba na maimilidwe."

"Oo? Nanga utu amagula ndani?"

Apa mpamene ndikanatseka pakamwa. Koma ine, wodziwa malonda, ndinayankha monyadira: "Ana a sukulu maningi. Amakonda ka mango."

Mayiwo anangogwedeza mutu n'kulandira chikwama ndi manja awiri. Ndinati mumtima, anthu abwino akadalipo.

Ndinabwerera pamutu pa mdala uja, maso ali pakhomo. Mashini anatsetsereka n'kulambula msewu kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo. Ndisanapepese, bambo wa jekete uja analowa.

"Monire, adada," anatero.

"Bwana, pano sitisuta!" ndinakuwa, asanandifunse chilichonse. "Olo kugulitsa, sitigulitsa!"

"Nanga utsi uwo?"

Ndinayang'ana pachifuwa. Thumba linali likufuka ngati uvuni wa makala. Ndinalumpha, kudzimenya mbama pachifuwa, mpaka bamboyo anatenga beseni la madzi otsukira zipeso n'kundikhuthulira lonse. A Mtonga anali atagwa pansi ndi kuseka.

Ndili chinyowere, ndinayamba kuchonderera kuti asanditsekere shopu. Bamboyo anadabwa.

"Ine? Ine nachokela ku Kapichila. Nifuna kutsegula shopu yanga yometela kumudzi. Nenze kukopela chabe maina a mametedwe pa chithunzi chanu apo."

Anandionetsa kabuku. Zoonadi, munali mayina okhaokha ndi timitu tojambulidwa mokhotakhota. Ndinapuma mpweya wautali, n'kutembenukira kubenchi.

"Amai, bweletsani. Ngozi yapita."

"Yapita?" Mayiwo anapukuta manja pachitenje, natulutsa kachiphaso ka a zaumoyo kokhala ndi chithunzi chawo. "Lelo nabwela chabe kumetetsa atate. Pa nchito nizabwela Lolemba. Aka nasunga, monga munanipempha."

Anawagwira dzanja abambo awo, msewu uli pamutu, ndipo anatuluka.

Lolemba anabweradi, atavala yunifolomu, ndi anzawo awiri. Shopu inatsekedwa sabata yathunthu. Koma chimene chinandilasa si loko ayi. Mayiwo anandikhazika pabenchi langa lomwe n'kundifotokozera kuti utsi wa mango uja umamugwira mwana ngati fodya wina aliyense, ndipo akauzolowera kusiya kumavuta. Kenaka anafunsa ngati ndili ndi mwana kusekondale. Ndinati eya, wamkazi.

"Anzake akagula kuno, muganiza amasuta na ndani?"

Nditamufunsa mwanayo kunyumba, anangoyang'ana pansi n'kumakanda khoma ndi chala. Tsiku lomwelo ndinamuimbira mlamu wanga kuti asatumizenso.

Pano ndimangometa basi, ndipo a Mtonga amakasutira kutali. Koma matenda okayikira anthu sanandichoke, angokula. Sabata yatha apongozi anga anabwera kudzationa kuchokera ku Chipata. Asanakhale n'komwe, ndinawafunsa ngati sanayambe ntchito ina yake m'boma posachedwapa.