Apongozi Anga ndi Zithunzi Zoyenda

Lolemba
Uthenga wochokera ku mishoni: Loweruka kukubwera mzungu wa makina a zithunzi zoyenda. Tsiku limodzi lokha, m'sukulu, mazenera atatchingidwa ndi mphasa. Kenako apitirira kumpoto. Poti ndine mphunzitsi wa kuno, Abambo, wansembe wathu, andisungira benchi. Benchi yonse! Okhalapo ndasankha kale:
ine, pakati;
mkazi wanga Naphiri;
mlamu wanga Filipo, amene anaziona ku Halale;
ena awiri osalongolola.
Pamudzi pano ndine mkamwini, wolima munda wa eni. Sabata ino tiona amene agwadire mnzake.

Lachiwiri
Filipo akuti zithunzi zake ndi zitatu: sitima yobwera molunjika anthu, akavalo othamanga, ndi mzungu wonenepa wogwera m'madzi. Pabwalo mkangano. Amuna akufuna sitima, akazi wonenepayo. Ndawafotokozera modekha kuti sitimayo singatuluke pansalu. Sindinaionepo, koma kuphunzira n'kuona komwe. Filipo: "Alamu, mukakhale kumapeto, pothawira." Nsanje basi.

Lachitatu
Amalume ake a Naphiri akuti benchi ya mkamwini ndi ya mudzi, monga khasu lake. Pakati tsopano pakhala iwo ndi akazi awo. Osalongolola aja achoka. Ine kumapeto. Palibe kanthu, munthu saonera matako.

Lachinayi
Apongozi nawonso akupita! Atuma Naphiri: "Ukawauze aphunzitsi, wonenepayo ndikamuone ndi maso anga." Chikwatirireni sitinakhalepo m'nyumba imodzi. Tikakumana panjira ine ndimalowa patchire, iwo amafunda nsalu kumutu. Ndiye benchi imodzi? Koma nzeru ndaipeza kale: m'sukulumo mukakhala mdima, ndipo mumdima mulibe apongozi.

Lachisanu
Filipo akuti nsalu ya zithunziyo imawala ngati mwezi, mnzako umamuona mpaka mphini. Amalume: "Mumdima ndiye moipitsitsa, mwana wa eni." Chabwino, ndiye apongozi atsale. Ndatumiza mawu kudzera mwa Naphiri:
njira ndi ya chitunda;
kukuzizira, mawondo awo aja;
sitimayo nthawi zina imatuluka pansalu.
Yankho labwera msanga: "Si aphunzitsi omwewo anati singatuluke?"

Loweruka
Ulendo. Apongozi patsogolo, ine kumbuyo kutali, mtanga wawo wa mbatata uli paphewa. Chitunda chija akwera ngati mbuzi. Onse alowa, benchi yanga yadzaza, ine panja. Sindikudandaula, poti ndaona kale kabowo pamphasa ya pazenera. Makina ayamba kulira. Ndaika diso. Chithunzi choyamba: nkhope ya apongozi, yowala ngati mwezi, ikuyang'ana pazenera pomwepo!
Ndakadzukira m'munda wa kabichi wa Abambo. M'katimo kukuwa, kenako phwete. Akuti sitima itabwera palibe anasuntha. Wothawa tsiku lonse ndine ndekha.

Lamulungu
Mzungu wapita ndi makina ake. Titabwerako ku Misa, apongozi akhala kuseri kwa nkhokwe yanga, akufotokozera nkhuku zathu nkhani yonse ya zimene anaona, mokweza ndithu, poti ine sangandiuze pamaso. Ndakhala mbali inayo, ndikumvetsera. Akavalo ndawamva. Sitima ndaimva, ndi utsi womwe. Akuti wonenepa uja anagwera m'madzi kawiri. Filipo akulumbira kuti kamodzi.
Mawa ana a sukulu andifunsa. Ndidzati kawiri.