Chifuwa cha Denja

Lolemba

Denja akutsokomola. Galu amene anandisiyira mwana wanga Tadala popita ku Joni, mlonda wa khola la mbuzi! Ndamuimbira Tadala. Akuti, "Ababa, mwina ndi njoka zamumtima, zimabwera ndi udzudzu. Kuno agalu amamwa mankhwala oteteza."

Njoka mumtima! Zam'mimba ndimazidziwa, koma izi? Sabata ino isathe ndisanasankhe mankhwala.

Lachiwiri

Tadala watumiza zithunzi za mankhwalawo pafoni. Alipo:
- otafuna, mwezi ndi mwezi
- odontheza kumbuyo kwa khosi
- jakisoni

Mtima uli pa otafuna, poti Denja amatafuna chilichonse, ndi nsapato zomwe. Mkazi wanga akuti, "A bipi anu mumaiwala, ndiye a galu muzikumbukira?"

Lachitatu

Ku Kandeu, kusitolo ya mankhwala a ziweto. A njoka zamumtima kulibe. Wogulitsa akundionetsa botolo la ng'ombe: "Ndi omwewa, mungochepetsa. Amalemera bwanji galuyo?"

Sindikudziwa. Ndani anayezapo galu? Ndabwerako chimanjamanja.

Lachinayi

Tsiku loyeza. Ndapita naye kumsika, pasikelo yopachika ya ogula mbatatesi. Denja m'thumba, thumba pasikelo. Zotsatira:
- thumba lang'ambika
- sikelo yagwa
- buluku langa silingapitenso kutchalitchi
- amayi ogulitsa tomato aseka mpaka misozi

Kulemera kwa Denja sikukudziwikabe. Wafika kunyumba ine ndisanafike.

Lachisanu

Ngati mankhwala akuvuta, tithane ndi udzudzuwo. Ndamumangira neti pakhonde. Waing'amba, wagona pambali pake.

Koma lero sakudya. Akungotuluka dovu, akundiyang'ana. Ndakhala naye pansi, dzanja pachifuwa pake, kumvetsera. Mtima ukugunda, koma ine ndingadziwe bwanji ngati muli njoka? Tadala ndikamuuza chiyani? Ndatumiza uthenga kwa alangizi a ziweto.

Loweruka

Alangizi afika panjinga yamoto. Ndayamba kufotokoza za otafuna ndi odontheza, iwo akuti, "Tamugwirani kaye, bambo." Amukanula kukamwa. Alowetsa kapulayala. Atulutsa fupa! Linapingasa m'kamwa, chakumtunda.

Denja wamwa madzi beseni lonse, wadya, wathamangitsa mbuzi. Ine ndangokhala pamwala kuseka ndekha.

Za botolo la ng'ombe lija akuti, "Mwachita bwino osagula, mukanamupweteka. Enawo sitipereka tisanayeze magazi. Ndikapita kuboma ndidzakuuzani." Ndiye kuti sabata yonseyi ndimasankha zosasankhika.

Mkazi wanga watola fupa lija, walitembenuza. "Ili ndi la nkhuku. Ife nkhuku tadya liti?"

Tonse maso pa Denja.

Lamulungu

Zadziwika. Mayi a nyumba yoyandikana nafe, anaNgozo, thadzi lawo linasowa, ndipo akhala akutukwana mphamba. Mkazi wanga akuti tisabise.

Mankhwala: sanasankhidwe. Magazi: sanayezedwe. Galu: wamoyo, wonenepa, wakuba.

Ndaweruka kutchalitchi, ndagwira thadzi langa lamawangamawanga, loikira bwino lija, ndikukapepesa nalo. AnaNgozo alilandira, aliyeza m'manja. "Langa linali lonenepa kuposa ili, koma zikomo."

Denja wandiperekeza mpaka pakhomo pawo. Wakhala pansi mwaulemu, mchira ukusesa fumbi, maso ali pathadzi.