Mbale ya Farao Adinerebu

Lolemba
Ndatsimikiza mtima. Pofika Lamulungu ndikhala nditawerenga zolembedwa pa mbale yanga yamkuwa ya ku Iguputo, ija ndinagula kwa ogulitsa katundu wa azungu osamuka. Imakhala pakhoma pamwamba pa wailesi, ndipo ndimaipukuta kuposa nsapato. Ndauza kale azibambo a kwaya kuti tikaweruka ku tchalitchi adzamve mawu a m'nthawi ya Yosefe. Mkazi wanga, mayi a Chisomo, akuti bwenzi nditayamba ndakonza chitseko cha bafa.

Lachiwiri
Minibasi kuchoka kuno ku Kawale mpaka m'tauni, pamalo a intaneti. Akundisindikizira zilembo za Aiguputo. Masamba ndi awiri, koma magetsi azima loyamba litangotuluka. Palibe kanthu, zilembo zonse zili pa loyambalo. Lachiwirilo ndi nkhani chabe.

Lachitatu
Mbale patebulo, tsamba pambali. Kuyambira kumanzere ndikuona:
muimba
dzanja
mafunde a madzi
bango
pakamwa
mwendo wopanda mwini wake
Anthu amenewa analidi ndi nthawi! Chilembo chimodzi, mbalame yathunthu ndi nthenga zomwe.

Lachinayi
Zatheka! A, D, N, E, R, B. Adinerebu! Dzina la mfumu ndithu, likuchita kulemera m'kamwa. Ndikulitchula mokweza pakhonde kuti lilime lizolowere. A landilodi, Amayi Nabanda, aima ndi tsache m'manja: "Bambo a Chisomo, zoitana mizimu pa poloti panga ayi."

Lachisanu
Mbiri yafika kale kumsika. Che Yusufu atelala akundiitana Pulofesa. A Phiri oimba besi akuti mfumu Adinerebu akuidziwa bwino, ili penapake m'Chipangano Chakale, angoiwala chaputala. Ndikuyenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo.

Loweruka
Ndabwereranso m'tauni kukatenga tsamba lachiwiri lija, mwina likamba za nkhondo za mfumuyi. Mzere woyamba ukuti powerenga umayambira mbali imene zamoyo zayang'ana. Ndafika kunyumba thukuta lili kamukamu. Muimba wanga wayang'ana kumanja.
Ndiyambirenso: mwendo, pakamwa, bango, madzi, dzanja, muimba. B, R, E, N, D, A.
Tsoka lake ndawerenga mokweza, mayi a Chisomo akusita pomwepo. Ayimika simbi.
"Brenda ndani?"
Ndikufotokoza kuti ku Iguputo alendo amalembetsa mayina awo pa mbale zotere, ameneyu ayenera kuti ndi mzungu amene anasamuka. Akungogwedeza mutu. "Ndiye chaka chonsechi mumapukuta Brenda."

Lamulungu
Azibambo a kwaya abwera onse, ena ndi matayi. Pakhoma pangotsala msomali, mbale ili m'chikwama cha mayi a Chisomo, akuti akaionetsa kwa ankhoswe. Ndaulula zonse. Kenaka a Phiri akuti Brenda akhoza kukhala mwana wa Farao amene anatola Mose, poti Baibulo silinamutchule dzina. Tiyi wabwera wopanda shuga, wanga yekha.
Alendo apita. Amayi Nabanda akuti bola Brenda, ndi munthu.
Basi, sukulu ya ku Iguputo ndatsekera pomwepa. Zilembo zimene ndaphunzira ndikuzidziwa bwinobwino, koma zonse ndi za mkazi amene sindinamuonepo.