Tsiku Limene a Zaidi Anawomba M'manja Okha

Aliyense amene anagwirapo ntchito kushedi ya mpunga pa Nkhotakota akukumbukira malemu a Zaidi ndi chinthu chimodzi: bambo aja ankawomba m'manja popanda woyimba. Pamsewu, pamsika, ngakhale potuluka mumzikiti, mukangomva phwa! phwa! phwa! mumadziwa kuti a Zaidi afika.

Ife osenza nawo matumba tinkadziwa chifukwa chake. Zaka makumi awiri zokoka matumba ndi kuwasoka ndi chisingano zinawathera manja. Zala zinkachita dzanzi, kenako ululu unkakwera mpaka m'chigongono, ndipo mankhwala awo anali kuwomba mpaka magazi ayambenso kuyenda. Koma kapitawo wathu, a Goodwell, sankayenera kudziwa, chifukwa munthu wa manja akufa ankamuchotsa ntchito. A Zaidi anali ndi ana asanu ndi awiri.

"Mukuwomberanji, a Zaidi?" ankafunsa a Goodwell.

"Udzudzu, bwana."

"Masana ano?"

"Wa kuno sugona, bwana. Umagwira ntchito ngati ife."

Tsiku lina anasokerera malaya awo kuthumba osamva n'komwe. Tinachita kuwang'amba lole itayamba kale kulira. A Goodwell atafunsa, iwo anati, "Ndimafuna ndikaoneko ku Limbe, bwana, mpunga wokha ndiye uziyenda?"

Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma masiku amenewo kuwomba m'manja kunali ndi nthawi yake. Pamsonkhano wa chipani, akatchula chitukuko mumawomba. Akatchula zigawenga zothawira kunja mumakhala chete, nkhope zili pansi. Wolakwitsa ankakwezedwa galimoto, ndipo kwawo sankafunsa kumene wapita.

Ndiye kunabwera tcheyamani wa chipani kudzachititsa msonkhano pabwalo la shedi. Tinakhala padzuwa maola awiri, ife ndi akazi athu. Nditacheuka ndinaona a Zaidi atakhalira manja awo, thukuta lili kamukamu, akudziluma mlomo.

"Pirirani, achimwene," ndinawanong'oneza.

"Akuyaka moto, iwe."

Nthawi yomweyo tcheyamani anakweza mawu: "Zigawenga zija akuti zikubwera kudzalanda boma lino!"

Phwa! phwa! phwa!

Anyamata awiri a malaya ofiira anadumpha anthu, n'kuwaimiritsa a Zaidi ngati thumba.

"Mwakondwa, bambo?" anafunsa tcheyamani motsitsa mawu.

"Udzudzu, bwana."

Palibe amene anaseka. A Zaidi anayang'ana galimoto ya chipani, n'kuyang'ana a Goodwell, n'kutseka pakamwa. Ndinapsa mtima poona kuti munthuyu walolera kutengedwa kusiyana n'kuulula za manja ake. Komabe ine ndinangokhala pansi, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Amene anaimirira ndi akazi awo, mayi Mariamu. Anagwada kaye pamaso pa tcheyamani, kenako anazula chisingano chimene amuna awo ankachisomeka pachisoti.

"Tsinzinani, bambo a Rahila."

"Mariamu, khala pansi!"

"Ndati tsinzinani."

Anatsinzina. Mayi aja anabaya chala chapakati, magazi n'kuyamba kudontha pamchenga. Anabayanso chamkombaphala. A Zaidi anangoima njo, maso ali chitsinzinire.

"Kodi wayamba kale?" anafunsa.

Tcheyamani anasuzumira zalazo, anayang'ana nkhope ya mwini wake, kenako anaphulika kuseka. Ifenso tinaseka, chifukwa bwana akaseka mumaseka. "Asiyeni, awa ndi odwala," anatero. A Goodwell okha sanaseke. Lolemba lake a Zaidi anauzidwa kuti akapume kunyumba.

Kuyambira pamenepo ankauza aliyense kuti akazi awo anawalanditsa kundende n'kuwaponya kumunda. Mayi Mariamu ankayankha kuti kumunda munthu amabwerako. Banjalo linavutika, tisabise. Khasu linkawapulumuka m'manja, ndipo ana awiri anasiya sukulu. Koma m'mawa uliwonse a Zaidi ankadutsabe pakhomo pa shedi kudzatinyoza kuti tikusoka ngati osoka matewera.

Anamwalira nyengo ya masika, mpunga uli wochuluka. Ponyamula jeneza, chithatha cha maliro achisilamu, amuna amasinthana, ndiye anthu sanadabwe kutiona ife akushedi tikusinthana pafupipafupi. Koma ife tinkadziwana. Aliyense akayenda pang'ono zala zinkamufera pamtengopo, n'kumukodola mnzake ndi maso.

Masiku ano kushedi kumangomveka matumba akugwa. Palibe amene amamuyankha kapitawo zomuseketsa, aliyense amangosoka ali chete. Ine chisingano chinandigwa kawiri sabata yatha. Ndinachitola msanga, ndipo a Goodwell atandiyang'ana ndinasowa bodza loti ndiwauze.